Malangizo kwa eni mawebusaiti: mmene anthu angakupezereni pa Google

Eni malo ogona alendo, masukulu, mashopu, zipatala zing'onozing'ono ndi mabungwe ambiri analipira ndalama zankhaninkhani kuti awapangire webusaiti. Tsiku loitsegulira anasangalala, anatumiza linki kwa abale ndi anansi, kenako kunati zii. Miyezi ikudutsa, foni sikulira, ndipo akalemba ntchito yawo pa Google sakudzipeza, kapena akupezeka kumunsi kwenikweni kumene palibe amafikako.

Kuti mumvetse chimene chavuta, dziwani kaye kagwiridwe ntchito ka Google. Ali ndi pulogalamu yotchedwa Googlebot imene imayendayenda pa intaneti, kuchoka patsamba ili kupita pa ilo motsatira malinki. Zimene yawerenga zimakasungidwa m'kaundula wamkulu. Munthu akalemba funso, Google sayamba kufufuza pa intaneti ponse nthawi yomweyo ayi, amangotsegula kaundula uja n'kusanja masamba amene akuona kuti ayankha bwino funsolo. Tsono tsamba lanu liyenera kupezedwa, lilowe m'kaundula, kenako lisanjidwe pamwamba. Ntchito yolithandiza kudutsa zitatuzi ndi imene akatswiri amaitcha SEO, ndipo yambiri mukhoza kuigwira nokha osalipira aliyense.

Pa mfundo iliyonse m'munsimu muziganizira munthu mmodzi: wagwira foni yotsika mtengo, bandulo yatsala pang'ono kutha, netiweki ikuvutavuta, ndipo akufuna yankho pompano. Ameneyu ndi amene Google akumutumikira, ndipo inu mukamuthandiza bwino, Google azikutumizirani ena onga iye.

1. Webusaiti ikhale yanudi

Mfundoyi ndaiika poyamba dala, chifukwa ndi imene imaliza anthu ambiri. Webusaiti imaima pa zinthu ziwiri zolipira: domain, lomwe ndi dzina limene anthu amalemba kuti akupezeni, ndi hosting, omwe ndi malo a pa seva osungirapo mafayilo anu. Zonsezi mumachita kubwereka, kawirikawiri chaka ndi chaka. Nthawi zambiri wopanga webusaiti amalembetsa domain m'dzina lake ndi imelo yake, osati mwachinyengo, koma kuti ntchito ifulumire. Vuto limadza iye akapita ku Johannesburg kukagwira ntchito, akasintha nambala, kapena mukasemphana mawu. Nthawi yolipira ikakwana, uthenga wochenjeza umapita kwa iye, inu muli phee osadziwa kanthu. Domain ikagwa, wina aliyense akhoza kuigula, ndipo zaka zonse zimene Google ndi makasitomala analizolowera dzinalo zimathera pomwepo.

Lero lomwe funsani amene anakupangirani kuti domain inalembedwa m'dzina la yani. Ngati si lanu, muuzeni aisinthe. Akupatseninso dzina lolowera ndi pasiwedi ya ku domain, ya ku hosting, ndi ya woyang'anira webusaitiyo. Tsiku lolipira mulilembe m'buku la bizinesi, osati m'mutu.

Pa nkhani yosankha dzina: domain yothera ndi .mw imadziwitsa Google kuti mukulunjika anthu a ku Malawi, monga momwe .zm imachitira ku Zambia. Ngati makasitomala anu ambiri ndi akunja, .com ili bwino. Chachikulu n'choti dzinalo likhale lalifupi, loti mukalitchula pafoni wina alilembe osalakwitsa.

2. Onetsetsani kuti Google akukuonani

Tsegulani Google n'kulemba mawu akuti site: motsatizana ndi domain yanu, popanda mpata pakati. Masamba amene atuluke ndiwo ali m'kaundula. Pakapanda kutuluka kanthu, lekani kaye zina zonse, chifukwa tsamba limene kulibe m'kaundula silingasanjidwe ngakhale likongole bwanji.

Ngati webusaiti yanu ndi ya WordPress, monga zilili zambiri, malo oyamba kuyang'ana ndi pa Settings, kenako Reading. Pamenepo pali kabokosi ka Search engine visibility, kouza Google ndi anzake kuti asaike webusaitiyi m'kaundula. Opanga mawebusaiti amakachonga pamene akumanga, kuti anthu asaone ntchito yosatha, koma ena amaiwala kukachotsa. Kabokosi kamodzi kameneka katha kubisa bizinesi yonse kwa chaka chathunthu.

Kenako lembetsani ku Google Search Console. Ndi yaulere, ndipo ndiyo njira imene Google amalankhulira ndi mwini webusaiti: amakuuzani masamba amene wawalandira, amene wawakana ndi chifukwa chake. Mulembetse ndi imelo yanu, wopanga uja mungomuitana ngati wothandizira. Mukalowa, perekani sitemap, womwe ndi mndandanda wa masamba anu onse. WordPress imaupanga yokha kuyambira 2020, ndipo umapezeka polemba wp-sitemap.xml kumapeto kwa domain yanu. Ngati muli ndi plugin (kapulogalamu koonjezera pa WordPress) ngati Yoast SEO kapena Rank Math, imapanga wake ndipo imakuonetsani adiresi yake. Mukatero chitaninso zomwezo ku Bing Webmaster Tools, sizitenga nthawi.

3. Iyesereni pafoni, ndipo ipepuke

Wopanga webusaiti amakuonetsani ntchito yake pa laputopu yaikulu, pa intaneti yothamanga ya mu ofesi. Makasitomala anu sadzaiona choncho. Google naye anayamba mu 2018 kusanja masamba potengera mmene amaonekera pafoni, ndipo mu 2023 analengeza kuti wamaliza kusamukira ku njira imeneyi. Zimene zikuoneka pa kompyuta pokha koma pafoni palibe, kwa Google zili ngati kulibe.

Bwerekani foni yakale ya mnzanu, thimitsani Wi-Fi, tsegulani webusaiti yanu ndi bandulo ya TNM kapena Airtel, ndipo muwerenge masekondi. Kodi zilembo zikuwerengeka osakulitsa? Batani likudinika ndi chala chachikulu? Mukamaliza, ikani adiresi yanu pa PageSpeed Insights, chida chaulere cha Google. Pali zinthu zitatu zimene amayeza. Chinthu chachikulu cha patsamba chioneke pasanathe masekondi 2.5. Munthu akadina, tsamba liyankhe pasanathe mamilisekondi 200. Ndipo zinthu zisamadumphedumphe pamene tsamba likutseguka, mpaka munthu kudina malo olakwika. Muyezo wa kudumphaku usapitirire 0.1.

Chimene chimalemetsa mawebusaiti ang'onoang'ono kwambiri ndi zithunzi. Chithunzi chojambulidwa ndi foni yamakono chimatha kufika mamegabaiti 4. Mukaika khumi zotere patsamba loyamba, mwamudyera mlendo mamegabaiti 40 asanawerenge ndi liwu lomwe. Kwa munthu wogula bandulo ya tsiku limodzi, zimenezi ndi ndalama zenizeni, ndipo sabwereranso. Ine ndimaona kuti kumeneku n'kusalemekeza kasitomala, ngakhale mwini webusaiti sanachite dala. Musanaike chithunzi, chichepetseni kuti m'lifupi chisapitirire mapikiselo 1,600, ndipo muchipanikize ndi Squoosh kapena TinyPNG mpaka chifike pafupifupi makilobaiti 200 kapena kucheperapo. Diso silidzaona kusiyana. Mtundu wa fayilo wa WebP umapepuka kuposa JPEG, ndipo WordPress imaulandira kuyambira 2021.

Chotsaninso zithunzi zija zimasinthanasinthana pamwamba pa tsamba loyamba, vidiyo yoyamba kusewera yokha, ndi plugin iliyonse imene simukudziwa ntchito yake. Vidiyo muiike pa YouTube, munthu aitsegule akafuna.

Kunena zoona, liwiro palokha silingakukwezeni pamwamba pa tsamba limene lili ndi yankho labwino kuposa lanu. Koma munthu akatopa n'kudikira n'kutuluka, mwamutaya, kaya munali pa nambala wani kapena ayi.

Ndipo akafuna kukuimbirani asavutike. Nambala ya foni ikhale pamwamba, yoti akaidina foni iyambe kuimba. Ya WhatsApp imapangidwa polemba wa.me/ kenako nambala yanu kuyambira ndi 265, kusiya ziro woyamba uja.

4. Adiresi iyambe ndi https

Kuyambira July 2018, Chrome amalemba kuti Not secure pa webusaiti iliyonse yopanda satifiketi ya chitetezo, ndipo Google wakhala akuwerengera chitetezochi posanja masamba kuyambira 2014. Satifiketi ya Let's Encrypt ndi yaulere ndipo makampani ambiri a hosting amaiyatsa ndi batani limodzi. Ikayaka, onetsetsani kuti wolemba adiresi yakale ya http akutumizidwa yekha ku yatsopano.

5. Yankhani zimene anthu amafunsadi

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mawebusaiti ambiri amadzaza ndi masomphenya, zolinga, mbiri ya bungwe ndi uthenga wa bwana wamkulu. Palibe amene amalowa pa Google kukafufuza masomphenya a loji. Amafufuza mtengo wa chipinda, ngati pali chakudya, ngati magetsi akazima pali jenereta kapena sola, ndi njira yofikira.

Tiyerekeze kuti muli ndi malo ogona alendo ku Mangochi. Tengani pepala n'kulemba mafunso amene anthu amakufunsani pafoni sabata ndi sabata, m'mawu omwewo amene iwo amagwiritsa ntchito. Kenako pitani pa Google, yambani kulemba funso limodzi, ndipo muone mawu amene iye akukumalizirani. Amenewo amachokera ku zimene anthu ena anafufuzapo. Onaninso mafunso ena ofanana nalo amene amaoneka pakati ndi kumunsi kwa zotsatira. Mukapeza kuti anthu ambiri amalemba m'Chingerezi kapena amasakaniza zinenero, musawakonze, atsatireni.

Nkhani yaikulu iliyonse muipatse tsamba lakelake. Zipinda ndi mitengo, tsamba lake. Holo ya misonkhano ndi maukwati, lake. Njira yochokera ku Blantyre, ku Zomba ndi ku Lilongwe, lake. Google amasanja tsamba lililonse palokha, choncho tsamba limodzi lounjikamo zonse silipambana pa funso lina lililonse.

Lembani zimene inu nokha mukudziwa. Mlendo akatsika minibasi pa depoti akwere chiyani? Kamsewu kolowera kwanu kamadutsika ndi galimoto yaing'ono nthawi ya dzinja? Ana angasambe pagombe panu? Chambo chimapezeka miyezi iti? Zimenezi webusaiti yaikulu yakunja singazilembe, ndipo n'zimene zimapangitsa munthu kukukhulupirirani asanakuoneni.

Mitengo muilembe. Ndikudziwa kuti ambiri amaopa, poti kwacha imagwa ndipo mitengo imasinthasintha, ena amaopa opikisana nawo. Koma wopikisana nanu akafuna mtengo wanu amangoimba foni ngati kasitomala, pamene kasitomala weniweni akapanda kuupeza amapita kwina. Lembani mtengo pamodzi ndi mwezi umene munaukonza, ndipo muziusintha.

Pali chizolowezi china chofala: kujambula positala kapena menyu n'kuiika ngati chithunzi. Mawu a m'chithunzi musawadalire kuti Google awawerenga, ndipo munthu wosaona amene amagwiritsa ntchito pulogalamu yomuwerengera sangawamve. Ikani chithunzicho ngati mukufuna, koma mawu ake muwalembenso pansi pake.

Musakopere zolemba za ena. Kuyambira 2011, pamene Google anabweretsa kusintha kotchedwa Panda, masamba opanda kanthu ndi ongokopera akhala akutsitsidwa. Musabwerezenso mawu amodzimodzi kambirimbiri poganiza kuti mukukopa Google; ngati chiganizo chikumveka chachilendo mukachiwerenga mokweza, chikonzeni. Wina akakuuzani kuti akudzazirani meta keywords, dziwani kuti Google ananena poyera mu 2009 kuti saziwerengera. N'chimodzimodzi ndi masamba mazanamazana olembedwa ndi mapulogalamu a AI popanda munthu kuwaunika: mu March 2024 Google anakhwimitsa malamulo ake pa masamba opangidwa mwaunyinji n'cholinga chongokwera pamwamba.

6. Mutu wa tsamba ndi mawu ofotokozera

Pa zotsatira za Google munthu amaona mutu wa tsamba ndi mizere iwiri pansi pake, ndipo pomwepo amasankha kudina kapena kudutsa. Mawebusaiti ambiri mutu wawo umangoti Home. Tsamba lililonse likhale ndi mutu wakewake, wa zilembo pafupifupi 60, woyamba ndi chimene munthu akufuna, dzina lanu kumapeto: "Malo ogona ku Mangochi: zipinda ndi mitengo", kenako dzina la loji. Mawu ofotokozera akhale a zilembo pafupifupi 155, onena chimene apeze akadina. Nthawi zina Google amalemba ake m'malo mwa anu, koma musasiye kuwalemba.

Chithunzi chilichonse chofunika muchilembere alt text, chiganizo chachifupi chonena zimene zili pachithunzipo. Adiresi ya tsamba ikhalenso yowerengeka, yothera ndi mawu ngati zipinda-ndi-mitengo osati manambala.

7. Chichewa musachisiye

Masamba a Chichewa pa intaneti ndi ochepa. Ngati mumagulitsa mbewu ndi mankhwala a ziweto, kapena muli ndi chipatala, tsamba lofotokoza bwino m'Chichewa za katemera wa chitopa kapena za sikelo ya amayi oyembekezera lilibe opikisana nalo ambiri, ndipo lidzathandiza anthu amene Chingerezi chimawavuta. Koma musasakanize zinenero ziwiri patsamba limodzi. Chichewa chikhale ndi tsamba lake, Chingerezi lake, ndi batani looneka losinthira. Wopanga webusaiti mumuuze aike chizindikiro cha chinenero, chomwe cha Chichewa ndi ny, ndipo alumikize masamba awiriwo ndi hreflang. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu 2014, koma zotuluka m'menemo musaziike munthu wodziwa chinenerochi asanazikonze. Owerenga amazindikira msanga, ndipo pa nkhani ya mankhwala kulakwitsa liwu limodzi kukhoza kupweteketsa munthu.

8. Dziikeni pa mapu

Kwa bizinesi imene anthu amachita kubwera pamalo, Google Business Profile nthawi zina imabweretsa makasitomala kuposa webusaiti yeniyeniyo. Ndi yaulere, ndipo ndi imene imakuonetsani pa Google Maps ndi pamwamba pa zotsatira munthu akafufuza chinthu chapafupi. Google amati posanja amayang'ana zitatu: ngati ntchito yanu ikugwirizana ndi funso, kutalika kwa mtunda, ndi kudziwika kwanu.

Sankhani bwino mtundu wa bizinesi, lembani maola ogwira ntchito, ikani zithunzi zenizeni kuphatikizapo cha geti monga limaonekera munthu akamachokera kumsewu. Malo ambiri kwathu kuno alibe dzina la msewu kapena nambala ya nyumba, choncho kachizindikiro ka pamapu mukaike muli chiimire pakhomo penipeni, ndipo pa webusaiti mulembe njira monga mmene mumalondolera munthu pakamwa: mukadutsa filing'i siteshoni, mukhotere kumanzere pa chigayo. Dzina, nambala ndi malo zikhale zofanana pa webusaiti, pa Facebook ndi pamapu.

Makasitomala okhutira muziwapempha kuti alembe ndemanga. Musagule ndemanga kapena kulembetsa abale amene sanabwereko, chifukwa Google amazichotsa akazizindikira. Wina akadandaula, muyankheni modekha ndi mwaulemu. Amene adzawerenge yankho lanu ndi ambiri kuposa wodandaulayo.

9. Malinki abwere mwachilungamo

Chimene chinasiyanitsa Google ndi anzake pamene Larry Page ndi Sergey Brin ankamuyambitsa mu 1998 chinali kuwerengera malinki: tsamba limene masamba ena odalirika akulilozera liyenera kuti nalonso ndi lodalirika. Linki ili ngati mboni pabwalo la amfumu. Mawu a munthu mmodzi wodziwika m'mudzi amalemera kuposa a gulu la alendo amene awagulira mowa.

N'chifukwa chake mauthenga a pa imelo olonjeza malinki 1,000 pa mtengo wochepa muziwafufuta. Kuyambira April 2012, ndi kusintha kotchedwa Penguin, Google wakhala akulimbana ndi malinki ogula: masiku ano amanyalanyazidwa, ndipo nthawi zina amagwetsa webusaiti. Malinki abwino ali pafupi nanu: bungwe la amalonda limene munalowa, kampani imene mumaigulitsira katundu, sukulu kapena mpingo umene munauthandiza, nyuzipepala imene inalemba za inu. Apempheni kuti pamene anatchula dzina lanu aikepo linki. Ngati mwalipira malo otsatsa malonda pa webusaiti ina, linkiyo iikidwe chizindikiro cha sponsored.

Musaiwalenso malinki a m'kati. Tsamba la zipinda lilozere la njira, la njira lilozere la holo. Tsamba limene palibe lina lolilozera, Googlebot amavutika kulipeza.

10. Isamalireni

WordPress, theme (imene imapatsa webusaiti maonekedwe) ndi plugin iliyonse zimatulutsa zokonza nthawi ndi nthawi, ndipo zambiri zimakhala zotseka mipata imene akuba amalowera. Muzizilandira kamodzi pamwezi. Musalole kuti akuikireni theme kapena plugin yolipira imene inabedwa n'kumagawidwa ulere, chifukwa nthawi zambiri imabwera ndi khomo lobisika. Webusaiti yothyoledwa siioneka msanga: tsamba loyamba limakhala bwinobwino, koma kuseri kwadzaza masamba a juga ndi mankhwala achinyengo m'dzina lanu. Kufufuza kwa site: kuja kumaulula zimenezi, ndipo Search Console imachenjeza.

Sungani kope la webusaiti yonse kwina, osati pa seva yomweyo. Plugin ya UpdraftPlus imatha kulitumiza yokha ku Google Drive. Yesaniko tsiku lina kulibwezeretsa, kuti mudziwe ngati likugwiradi ntchito.

Mukamakonzanso webusaiti kapena kusintha adiresi ya tsamba, yakale iliyonse itumize anthu ku yatsopano ndi 301 redirect. Mukapanda kutero, malinki onse amene munasonkhanitsa azifikitsa anthu pa tsamba la 404, louza munthu kuti chimene akufuna sichinapezeke, ndipo mudzayambiranso pansi. Nkhaniyi muikambirane ndi wopanga webusaiti ntchito isanayambe, ilembedwe m'pangano.

11. Yezani, ndipo mudikire

Zotsatira sizibwera sabata imodzi. A ku Google eniake amati kawirikawiri pamatenga miyezi inayi mpaka chaka kuti phindu lioneke, ndipo amachenjeza kuti palibe amene angalonjeze malo oyamba. Wokulonjezani nambala wani m'masiku 30 mwina akunena za malonda olipira, aja amalembedwa kuti Sponsored, amene amatha tsiku limene ndalama zatha. Musanalembe ntchito katswiri wa SEO, mufunseni kuti achita chiyani kwenikweni, ndipo mwezi uliwonse azikupatsani mndandanda wa zimene wasintha.

Kamodzi pamwezi tsegulani gawo la Performance mu Search Console. Limaonetsa mawu amene anthu analemba kuti akupezeni, kangati munaonekera, kangati anadina, ndi malo amene munali, ndipo limasunga mbiri ya miyezi 16. Yang'anani mawu amene muli pakati pa nambala 8 ndi 20, chifukwa amenewo atsala pang'ono kukwera. Tsegulani tsamba lake, onjezerani yankho limene likusowa, konzani mutu, ndipo mulilozere kuchokera patsamba loyamba. Ngati mukuonekera kambiri koma odina ndi ochepa, vuto lili pa mutu ndi mawu ofotokozera.

Ambiri mwa makasitomala anu adzamalizira pafoni kapena pa WhatsApp, kumene Search Console sikuona. Choncho amene amalandira mafoni azifunsa kasitomala aliyense watsopano kuti, "Munatidziwa bwanji?" ndipo yankho azilemba m'buku pambali pa dzina ndi tsiku. Pakutha kwa mwezi muwerenge kuti a pa Google ndi angati, a pa Facebook angati, ouzidwa ndi anzawo angati, ndipo muone tsamba loti mulikonze mwezi wotsatira.